Makina Alipo, Timapepala Tatha: Mafunso Anu a za Shuga

Makalata a mwezi uno akhala ngati munachita kupangana. Asanu ndi awiri mwa amene ndatsegula akukamba za zipangizo: sirinji, peni ya insulin, makina oyezera shuga, ndi wotchi ina imene akuti imaposa adokotala. Kwa inu amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndine namwino wopuma pa ntchito. Zaka zanga zomaliza ndinazithera ku kiliniki ya shuga, ndipo kuyambira 2011 nanenso ndimadzibaya insulin m'mawa ndi madzulo. Choncho zina ndikuyankhani monga namwino, zina monga mnzanu wa pa benchi yodikirira. Za kuchuluka kwa insulin amene muyenera kubaya, izo n'za inu ndi adokotala amene amakuonani. Ine sindilembera mlingo munthu amene sindinamuonepo nkhope. Makalata ena ndawadulako.

FUNSO: Anamwino, mwana wanga wamkazi amene ali ku Johannesburg ananditumizira pa basi makina oyezera shuga. Anabwera ndi timapepala khumi. Ndinasangalala kwambiri, mpaka ndinayezako akazi anga ndi a nyakwawa. Timapepala titatha ndinazungulira mafamase a mu Lilongwe, onse akuti mtundu umenewo alibe. Ndinagula ta mtundu wina koma sitikulowa. Kodi makinawa ndi abodza?
Bambo wa ku Mponela

YANKHO: Bambo, makinawo si abodza. Angosanduka foni yopanda mayunitsi, ndipo tsoka lake wogulitsa mayunitsiwo ali kutsidya kwa Limpopo. Kampani iliyonse imapanga timapepala toyenderana ndi makina ake okha. Pansonga ya kapepalako pali mankhwala amene amagwirana ndi shuga wa m'dontho la magazi, ndipo makina anaphunzitsidwa kuwerenga mankhwala a kwawo okhawo. Ngakhale pachibale zimakanika: timapepala ta Accu-Chek Active sitigwira mu Accu-Chek Instant, chonsecho mfunda ndi umodzi. Musadabwenso kuona makina akutchipa, pena mpaka kuperekedwa ulere. Phindu la amalondawo lili pa timapepala, pakuti makina mugula kamodzi koma timapepala muzigula moyo wanu wonse.

Ku kiliniki ndinkaziona chaka ndi chaka. Mwezi woyamba munthu amabwera makina ali m'thumba la malaya, akuonetsa aliyense pa benchi. Ukamufunsa mwezi wachinayi, akuti ali m'kabati pamodzi ndi mbale za paukwati. Amene ankakhalabe okhutira chaka chitatha anali aja anagula makina wamba pa famase ya kufupi ndi kwawo, kumene timapepala take sitisowa. Ndiye inu lowani m'mafamase awiri kapena atatu, mufunse kuti ndi timapepala titi timene amakhala nato nthawi zonse ndipo kachitini kake ndi ndalama zingati. Mukamva yankho, gulani makina a timapepala timeneto. Mwana wanuyo muuzeni kuti akafuna kukuthandizani atumize zitini za makina akalewo akapeza wobwera, koma ayang'ane tsiku lothera mphamvu lolembedwa pachitinipo.

Za a nyakwawa ndi amayi kunyumba ndikudzudzulani pang'ono. Timapepala munawononga, izo zilibe kanthu. Chimene chandidetsa nkhawa ndi kasingano kobayira chala. Ngati nonse atatu munabaya ndi kamodzi, dziwani kuti umo ndi mmene matenda a chiwindi a hepatitis B amadutsira, ndiponso HIV ikhoza kudutsa momwemo. Kasingano ndi cholembera chake chobayira n'za munthu mmodzi, ngati mswachi.

Simunandiuze ngati muli pa mapiritsi kapena pa jakisoni. Wa mapiritsi amene shuga wake wakhazikika safunika kuyeza tsiku ndi tsiku. Wa insulin amafunika, koma tinene zoona, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndani amatha kachitini pa sabata? Ine ndimachita zosinthasintha: Lolemba ndiyeza ndisanamwe tiyi, Lachiwiri ndisanadye nsima ya masana, Lachitatu ndisanadye ya madzulo, Lachinayi pogona, kenako n'kuyambiranso. Pakatha masabata awiri ndimakhala ndaona tsiku lonse ndi timapepala 14 tokha. Tisanu ndimatibisa, todikira tsiku la thukuta ndi kunjenjemera kapena la malungo. Nambala iliyonse ndimalemba m'kope, ndi ola lake ndi zimene ndadya. Adokotala sangasinthe mlingo chifukwa cha mawu akuti "zimakhala zokwererako".

FUNSO: Mayi, m'mawa wina makina anga anati 10.6. Ndinabwereka a neba anga, akuti 171. Tsiku lomwelo ku chipatala anapeza 9.8. Ndikhulupirire ati? Ndayamba kuganiza kuti zonsezi n'zongopeka.
Mayi wa ku Ndirande

YANKHO: Mayi anzanga, makina atatuwo agwirizana, kungoti a neba anu akulankhula chinenero china. Shuga amayezedwa m'miyeso iwiri, ngati mmene chimanga ena amawerengera mandowa ena makilo. Makina anu ndi a ku chipatala akuwerenga mu mmol/L, a neba akuwerenga mu mg/dL. Nambala yolumikiza ziwirizi ndi 18. Gawani 171 ndi 18, mupeza 9.5. Kuno kwathu miyeso yonse iwiri imayenda, chifukwa makina amatifika kuchokera mbali zonse: a ku South Africa ndi ku Britain amakhala a mmol/L, a ku India ndi ku America a mg/dL. Chizindikiro chachidule ndi kadontho. Nambala ya kadontho ngati 9.5 ndi mmol/L, yopanda kadontho ngati 171 ndi mg/dL.

Ichi musachitenge ngati masamu a kusukulu chabe. Munthu wozolowera 6, 8, 11 akabwereka makina n'kuona 54, mtima umalumpha, amati shuga wakwera koopsa, n'kuthamangira jakisoni. Chonsecho 54 ndi 3.0, shuga wotsika wofuna kumwa zotsekemera nthawi yomweyo. Malire a kutsika ndi 3.9, kapena 70 m'chinenero chinacho. Lembani manambala awiriwa pachikuto cha kope lanu.

Tsono 10.6 ndi 9.8. Malamulo a padziko lonse oyesera makinawa, amene anakonzedwanso mu 2013, amalola kuti makina abwinobwino aphonye ndi 15 peresenti kumwamba kapena kumunsi. Ngati shuga weniweni ali 10, makina onena 8.5 ndi onena 11.5 onse akhoza mayeso. Onjezani kuti munayenda kukwera minibasi, munadikira pamzere, shugayo sanaime kukudikirani. Ine ndimati khalani ndi makina amodzi ndipo muziwafananiza ndi iwo eni, dzulo ndi lero, sabata yatha ndi ino.

Mabodza enieni amachokera m'manja mwathu. Disembala wina kunabwera agogo ena nkhope ili gwa, makina awo atawauza 22. Ndinagwira dzanja lawo, linali lomata. Anali atangosendera zidzukulu mango. Titasamba ndi sopo n'kuumitsa bwino, makina omwewo anati 8 ndi kanthu. Nzimbe, nthochi, shuga wa mu tiyi, zonsezi zimachita chimodzimodzi. Chala chonyowa nacho chimasungunula dontho n'kutsitsa nambala. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, osati pakati pamene timagwirira zinthu, ndipo m'nyengo ya chiperoni tikitani manja atenthe kaye m'malo mofinya chala ngati mukukama mbuzi. Kachitini katsekeni mukangotulutsa kapepala, chifukwa chinyontho chimapha timapepala, ndipo musakasunge kukhitchini. Wochepa magazi, monga amene wangochira malungo kapena wangobereka kumene, makina ena amamuonjezera nambala.

Mukapita ku Queens, funsani ngati angakuyezeni HbA1c. Imeneyo imanena za miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ilibe ntchito ndi mango a m'mawawo. Kwa akuluakulu ambiri timalondola 7 peresenti.

FUNSO: Anamwino, ndili Fomu 3 pa sukulu yogonera konko, ndakhala pa insulin kuyambira ndili Sitandade 6. Ndimakabayira kubafa chifukwa anyamata ena anaona sirinji n'kuyamba kunditcha wa mankhwala ozunguza bongo. Masiku ena ndimangodumpha jakisoni wa madzulo. Ndinaona mtsikana wina ku kiliniki ali ndi peni. Kodi peni ndi yamphamvu kuposa ya m'botolo? Ndikufuna ndiuze amalume andigulire.
Mnyamata wa ku Dedza

YANKHO: Mwana wanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo mawu amene andigwira ndi akuti "ndimangodumpha". Tiyambire pamenepo. Thupi lako silipanga insulin. Ukadumpha, limayamba kuotcha mafuta, magazi amadzaza asidi, n'kuyamba kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama ngati wathamanga. Ana angapo amene ndinawalandira m'wodi atakomoka sanasowe mankhwala ayi, anachita manyazi. Pita kwa aphunzitsi oyang'anira zogona ndi buku lako la kuchipatala, upemphe kachipinda kobayira. Usankhenso mnzako mmodzi wa pamtima umuuze zonse. Adziwe kuti ukayamba thukuta, kunjenjemera, kapena kulankhula ngati woledzera, akupatse theka la botolo la Fanta kapena masupuni ang'ono atatu a shuga m'madzi, n'kudikira mphindi 15. Ukakomoka asakuthire kanthu kukamwa, akugoneke chammbali, athamangire nawe kuchipatala.

Tsono peni. Mphamvu ndi yomweyo. Insulin wa mu peni ndi wa m'botolo onse ali ndi mayunitsi 100 pa mililita imodzi. Botolo la mamililita 10 lili ndi mayunitsi 1000, peni ili ndi mamililita 3, ndiye kuti mayunitsi 300. Insulin anapezeka ku Toronto mu 1921, ndipo woyamba kupulumuka naye mu Januwale 1922 anali mnyamata wa msinkhu wako, Leonard Thompson, wa zaka 14. Kuchokera pamenepo anthu ambiri anakhala ndi moyo zaka zoposa 60 akudalira sirinji, poyamba yagalasi yochita kuwiritsa pamoto, mpaka kampani ya Novo ya ku Denmark inatulutsa NovoPen mu 1985.

Sindikunamiza, peni ndi yokoma. Pafupifupi aliyense amene ndinamuona akuilawa sanafune kubwerera. Imalowa m'thumba la yunifomu pakati pa zolembera zina, singano yake ndi yaifupi mpaka mamilimita 4, ndipo supenyetsetsa timizere: umangopotokola, iyo ikulira "ke, ke, ke", kulira kulikonse yuniti imodzi. Agogo amene maso anayamba kuchita nkhungu amawerenga ndi khutu. Ine ndinaigwiritsa ntchito zaka ziwiri pamene ndinali pa sikimu ya zachipatala, ndipo ndinabayirapo ngakhale pamaliro, pansi pa chitenje, popanda woona.

Koma walira mvula walira matope. M'zipatala za boma, insulin amene timalandira ulere kawirikawiri ndi wa m'botolo. Wa mu peni amalume ako azichita kugula mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi tisingano take togulitsidwa patokha, ndipo pa yuniti iliyonse amadula kuposa wa m'botolo. Akawerengere kaye mtengo wa chaka chonse, osati wa peni imodzi. Chinanso, ngati umasakaniza insulin woyera ngati madzi ndi wamkaka mu sirinji imodzi, mu peni sizitheka. Pamafunika mapeni awiri kapena wosakaniza kale uja wa 30/70, ndipo kusinthako achite ndi adokotala.

Peni ili ndi miyambo yake, ndipo ambiri amene amati "peni siigwira" anaidumpha miyamboyo. Yamkaka uipukuse m'manja ndi kuitembenuza kakhumi mpaka ifanane ponseponse. Usanabaye, potokola mayunitsi 2, uloze kumwamba, ukanikize mpaka dontho lituluke. Ukabaya, uwerenge mpaka 10 usanazule, apo ayi insulin atsikira pakhungu. Ukatha chotsa singano, pakuti ikatsala imalowetsa mpweya. Ndipo ngakhale utakhala ndi peni, sirinji ndi botolo zisachoke m'sutikesi. Sirinjiyo ikhale yolembedwa U-100. Pali ina ya U-40, kawirikawiri ya chivindikiro chofiira, imene ukaikokera insulin wathuyu mpaka pa mzere wozolowera umabaya mlingo wowirikiza kawiri ndi theka.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 9 ali pa insulin. Tilibe magetsi. Ndimakasungitsa mufiliji ya pa golosale, koma ndi mtunda, ndipo tsiku lina ndinapeza botolo lauma gwa. Ndichite bwanji ndi kutentha kwa kuno?
Mayi wa ku Bangula

YANKHO: Mayi, botolo limene linaumalo litayeni, ngakhale litasungunuka n'kumaoneka bwino. Kuuma kumapha insulin kuposa dzuwa la Okutobala, ndipo filiji ya a golosale ntchito yake ndi kuumitsa mafilizesi. Pamapepala a mankhwalawa analemba kuti botolo losatsegula likhale pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo lotsegula likhoza kukhala panja pafupifupi masabata anayi pamalo osatentha kwambiri. Kwa munthu wa ku Chigwa cha Shire mawu akuti "osatentha kwambiri" ali ngati chipongwe. Koma mu 2021 a bungwe la madokotala la MSF ndi akatswiri a yunivesite ya Geneva anatulutsa zotsatira zotonthoza. Anayeza kutentha kwa m'nyumba za mu msasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, kumene usiku kunkatsika kufika madigiri 25 ndipo masana kunkakwera kufika 37. Anasunga insulin pa kutentha kokwera ndi kutsika koteroko kwa masabata anayi, ndipo mphamvu yake sinasiyane ndi ya wa mufiliji.

Ndiye bwererani ku nzeru ya amayi anu, ya mtsuko. Tengani mtsuko waukulu wadothi wosapaka utoto, muike wina waung'ono mkati, pakati pake muthire mchenga wa kumtsinje n'kuunyowetsa m'mawa ndi madzulo. Botolo la insulin lilowe kaye m'kachitini kotseka bwino kuti chizindikiro chake chisafufutike, kenako mu mtsuko waung'onowo, pamwamba muvindikire ndi nsalu yonyowa. Ikani pamthunzi podutsa kamphepo, osati pafupi ndi mafuwa kapena pansi penipeni pa malata. Madzi akamauluka amanyamula kutentha, monga mmene mtsuko umaziziritsira madzi akumwa. Tsiku lotsegula botolo lilembeni papepala. Woyera akachita mbuu, kapena wamkaka akachita timibulu tosasungunuka kapena kumata m'mbali mwa galasi, wapita. Shuga wa mwana akayamba kukwera popanda chifukwa botolo lili kumapeto, yambani mwakayikira botololo. Popita kukatenga wina ku chipatala, musamuike m'thumba la pulasitiki pa chiwongolero cha njinga. Mukulungeni m'kansalu konyowa.

FUNSO: Aunt, ine ndili ku Leeds, ndili ndi shuga wa mtundu woyamba, uja thupi silipanga insulin, ndipo ndimavala FreeStyle Libre. Moyo wanga unasintha, sindibayanso zala. Amayi anga ku Zomba ali ndi zaka 71, amamwa metformin ndi glibenclamide. Ndikufuna ndiziwatumizira masensa. Mukuona bwanji?
Mwana wa kwathu, Leeds

YANKHO: Mwana wanga, ndiyambe ndafotokozera anzathu amene sanakaonepo. Ndi kachinthu koyera kozungulira ngati ndalama yachitsulo, komata kuseri kwa mkono, ndi kaulusi kolowa pansi pa khungu. Kamakhala masiku 14, munthu akusamba nako, ndipo nambala imaoneka pafoni kapena pa kamakina kake, ndi muvi wosonyeza ngati shuga akukwera kapena kutsika. Kampani ya Abbott inakatulutsa ku Ulaya mu 2014. Theresa May ankaoneka nako pamkono ali nduna yaikulu ya Britain, ndipo kuyambira 2022 malangizo a zachipatala kumeneko amati aliyense wa mtundu woyamba apatsidwe sensa. Kuno kwathu a Abwenzi Pa Za Umoyo anayesapo masensa a Dexcom pa odwala a mtundu woyamba ku Neno, ndipo anthu akumudzi anatha kuwagwiritsa ntchito. Ndiye asakunamize munthu kuti n'za ophunzira okha.

Ine ndinavalapo awiri, mphatso ya mwana wa mchemwali wanga. M'masabata anayi amenewo ndinaphunzira zimene zaka khumi za kubaya chala sizinandiuze. Ndinaona kuti cha m'ma 3 koloko usiku shuga wanga ankatsika mwakachetechete, n'chifukwa chake ndinkadzuka mutu ukuwawa ndipo ndinkanamizira pilo. Ndinaona kapu imodzi ya thobwa ikukweza mzere ngati phiri la Mulanje, pamene nyemba ndi mgaiwa pang'ono zinkangopanga kachulu. Adokotala anandichepetsera insulin wa madzulo chifukwa cha zimenezo. Tsiku limene ndinamatula kachiwiri ndinakhumudwa ngati andizimitsira nyale ndili pakati pa kuwerenga. Chokoma ukachilawa n'kuchisowa chimawawa kuposa chimene sunachidziwe, ndipo ichi uchiganizire usanayambitse amayi ako. Pachaka pamafunika masensa 26.

Kalinso ndi zophophonya zake, iwe ukuzidziwa. Sikayeza magazi, kamayeza madzi a pansi pa khungu, choncho kamachedwa ndi mphindi zingapo shuga akamathamanga. Ukagonera mkonowo kakhoza kunama kuti watsika. Thukuta la Novembala limakamatula, ndipo ena khungu limawayabwa. Makina a chala amafunikabe pambali. Ufunsenso ngati sensa ya ku Britain ingagwirizane ndi foni ya amayi ku Malawi, pakuti pulogalamu yake imayendera dziko. Kamakina kake kowerengera n'kodalirika kuposa foni. Ndipo masensa amene umalandira kuchipatala kumeneko ndi a mkono wako, usadzimane kuti ugawane.

Maganizo anga ndi awa. Amayi ako sali pa insulin, sasintha mlingo tsiku ndi tsiku, ndiye manambala a mphindi iliyonse alibe nawo chochita kwenikweni, mwina angowasowetsa tulo. Koma glibenclamide amatsitsa shuga mobisa mwa okalamba, makamaka akachedwa kudya kapena impso zikayamba kufooka. Gula masensa awiri, avale pamene iwe wabwera kutchuthi, zimene muone mukaonetse adokotala awo ku Zomba. Ndalama yotsala igule timapepala ta chaka chonse, makina oyezera BP, ndi nsapato zofewa zotseka zala.

Wafunsanso kumapeto za pampu ya insulin ya mwana wa msuweni wako. Pampu imathira insulin wofulumira yekha kudzera m'kachubu kosinthidwa masiku awiri kapena atatu aliwonse. Kachubu kakatsekeka, m'thupi mulibe insulin wina wodikira, ndipo m'maola ochepa mwana ali pangozi. Popanda zosinthira zodalirika ndi dokotala woidziwa amene angayankhe foni usiku, ine sindingaiike pa mdzukulu wanga.

FUNSO: Ndaona pa Facebook wotchi yoyeza shuga popanda kubaya. Akuti ikuchokera ku Dubai. Ndigule?
Achimwene a ku Mzuzu

YANKHO: Ayi, achimwene. Chikomekome cha mkuyu. Mu Febuluwale 2024 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjeza anthu kuti silinavomerezepo wotchi kapena mphete iliyonse yoyeza shuga popanda kuboola khungu. Wina anabwera nayo kutchalitchi kwathu, tinaiveka pa nthochi yaiwisi, inatiuza kuti nthochiyo shuga wake ali 5.8 ndipo mtima ukugunda bwino.

FUNSO: Anamwino, masirinji amene ndimalandira sakwana mwezi, ndiye imodzi ndimabayira kangapo. Ndinapeza malo awiri pamimba amene sapweteka, ndimabaya pomwepo zaka zitatu tsopano, ndipo patupa ngati mazira. Shuga wanga sakumveka, lero 5 mawa 19, mlingo womwewo. Kodi insulin wa masiku ano ndi wosungunula?
Bambo wa ku Balaka

YANKHO: Bambo, insulin alibe mlandu, mlandu uli pa mazirawo. Malo obayidwa mobwerezabwereza amamera mafuta olimba, ndipo mitsempha ya ululu imagona, n'chifukwa chake mumapakonda. Koma insulin wolowa m'chotupacho amatuluka mmene wafunira: lero theka, mawa yense nthawi imodzi. Nanenso ndinali nacho kumanzere kwa mchombo, ine namwino wophunzitsa anzanga, ndipo anachipeza ndi mwana wasukulu ya unamwino amene ndinkamuyesa mayeso.

Pasiyeni pamenepo miyezi ingapo, pamaphwa pang'onopang'ono. Gawani mimba panayi, chigawo chimodzi sabata imodzi, ndipo jakisoni aliyense atalikirane ndi mnzake mpata wa chala chimodzi, kusiya zala ziwiri kuzungulira mchombo. Ntchafu nazo zilipo. Ngati singano ya sirinji yanu ndi yaitali ndipo ndinu wochepa thupi, tsinani khungu kuti musafike pa mnofu.

Za kubwereza sirinji, opanga amati kamodzi basi, ndipo akunena zoona: nsonga imapindika ngati mbedza, ndipo singano yobuntha imathandizira zotupazo. Koma sindikuuzani kuti mudumphe jakisoni chifukwa sirinji yatsopano palibe. Ikhale yanu nokha, muivindikire mukatha osakhudza nsonga, musaipukute ndi sipiriti chifukwa amachotsa kamafuta koterera, ndipo ikayamba kukoka khungu kapena ikagwa pansi, yatha ntchito. Zakutha muziponya m'chigubu cholimba chotsekeka n'kupita nacho kuchipatala, osati kudzala kumene ana amatola zoseweretsa.

Chenjezo lalikulu ndi ili: mlingo wanu unakwezedwa pamene theka linkatayika m'chotupa. Pa khungu latsopano udzalowa wonse, ndipo ukhoza kukugwetsani. Musasamuke malo musanaonane ndi adokotala. Pa tsiku la kiliniki likubwerali, musangopereka kope la manambala. Kwezani malaya, muwagwiritse pamimbapo ndi dzanja lawo, ndipo sabata yoyambayo timapepala tanu tobisa tija titulutseni, shuga wa m'kapepala akhale m'thumba ndi pamutu pa bedi.